Pakati pa Choko ndi Kompyuta

Mlendo amene atsika phiri kuchokera ku Dedza, napotapota ndi mseu wa ku Golomoti kufikira kuchigwa, ayamba waona milambe, kenaka minda ya mpunga, ndipo asanafunse nkomwe dzina la mudzi, thukuta lamuyamba kale. Abale athu a kumapiri amatiseka kuti ife a ku Bwanje tidziŵa zinthu ziŵiri zokha, khasu ndi ukonde. Sindikana kuti ziŵirizi ndizo zatilera. Komatu chigwa chino chili ndi mbiri ina imene ambiri saitchula, ndiyo yakuti kuno ndi kwao kwa amisiri a zosema ndi zojambula.

Pa Mua, pamene ansembe a Chikatolika a gulu la White Fathers anakhazikitsa misoni yao m'chaka cha 1902, pali malo otchedwa Kungoni. Anaŵayamba m'chaka cha 1976 ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, amene anthu a kuno anampatsa mfunda wa Chisale. Iye anasonkhanitsa amuna a m'midzi yozungulira amene anali ndi dzanja la kusema, naŵalimbikitsa kuti aseme nkhope za anthu a kwao ndi moyo wa kwao. Zosema za ku Mua zinafika m'nyumba zambiri zopemphereramo, za m'Malaŵi muno ndi za kunja komwe, ndipo alipo mabanja amene aphunzitsa ana ao ndi ndalama za sompho ndi tchizulo. Makoma a nyumba ya Chamare, yosungiramo za chikhalidwe, ngojambulidwa mbiri ya dziko lathu. Tikakweranso phiri, m'mapanga a Chongoni muli zojambula za makolo akale pa miyala, malo 127, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Chotero pamene ndiyamba kunena za kujambula pa kompyuta, inu makolo anzanga musayese kuti mphunzitsi uyu wadza ndi matenda a m'tauni. Chida ndicho chatsopano, koma njala ya kujambula njakale kuno.

Ine ndine mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale, ndipo ndakwanitsa zaka 16 ndikugwira choko. Ndili ndi mkazi ndi ana atatu, wamkulu ali ku sekondale. Amai anga okalamba akhala nafe m'nyumba ya sukulu. Kuyambira ubwana wanga ndinali wojambula. Tikamadyetsa mbuzi kufupi ndi njanji ya ku Salima, anzanga ankaumba ng'ombe za dongo, ine ndinkalemba sitima pamchenga ndi kamtengo, mabogi onse ndi woyendetsa yemwe. Pa sukulu iliyonse imene ndaphunzitsapo, ntchito ya kujambula mapu a Malaŵi pakhoma, kapena mtima wa munthu pa pepala lalikulu, yakhala ikugwera ine. Kwa ine zimenezi zinali ngati kuimba mluzu: ena atha, ena satha, ndipo palibe amene alipidwa nazo.

M'chaka cha 2019 mng'ono wanga amene agwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira laputopu yakale, yogula kwa munthu, kuti ndizilemberapo mayeso ndi kusungamo malikisi a ana. Mphunzitsi mnzanga wachinyamata, wongochoka kumene ku koleji, anandiikiramo pulogalamu yotchedwa Inkscape, nandionetsa kakokedwe ka mzere umodzi wokha. Kuyambira pamenepo, ndikatha kuchonga makope a ana ndi kudya nsima ya madzulo, ndimakhala pa tebulo kufikira batire itatha.

Popeza ambiri a inu muona ana anu ali chiŵeramire pa makina aŵa osadziŵa chimene akuchita, ndiloleni ndifotokoze pang'ono. Zithunzi za pa kompyuta zili za mitundu iŵiri. Mtundu woyamba ndi wa timadontho, timene amatitcha pixel. Chithunzi chimene mujambula ndi foni chili ngati lamba wa mikanda wa Angoni: mukaima patali muona maluŵa ndi mizere, koma mukayandikira mupeza kuti ndi mikanda yokhayokha, uliwonse ndi mtundu wake, yondandalikidwa bwino. Galasi la kompyuta lokhala ndi timadontho 1,920 m'litali ndi 1,080 m'lifupi lili ndi timadontho toposa 2 miliyoni. Vuto la chithunzi chotere nlakuti mukafuna kuchikulitsa, mikandayo siichuluka, ingokula, ndipo nkhope ya munthu isanduka mabokosi okhaokha. Ndicho chifukwa chake zithunzi za omwalira pa mapepala a mwambo wa maliro kaŵirikaŵiri zioneka ngati zavumbwa mvula: wina anatenga kachithunzi kakang'ono ka pa WhatsApp nakakoka kuti kadzaze pepala. Osindikiza amafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse, kotero kuti pepala limodzi la A4 lidya timadontho toposa 8 miliyoni.

Mtundu wachiŵiri, wotchedwa vector, ndiwo unandigwira mtima. Pano kompyuta siisunga mikanda, isunga malangizo. Ganizirani mmisiri woyala maziko a nyumba, amene akhoma zikhomo namanga chingwe. Akadziŵa pokhoma zikhomo, chingwe chiongoka chokha, kaya nyumbayo njaikulu kaya njaing'ono. Mzere wokhota nawonso uli ngati nsungwi yopindidwa pakati pa zikhomo ziŵiri: mukasuntha chikhomo, kapena mukapotoza pogwirira pake, nsungwi yonse itsata. Masamu a mizere yotereyi anatchuka ndi injiniya wa ku France, Pierre Bézier, amene anagwira nawo ntchito m'zaka za m'ma 1960 polinganiza maonekedwe a galimoto za Renault. Chizindikiro cha sukulu chojambulidwa mwa njira imeneyi mutha kuchiika pa baji ya yunifolomu, maŵa lake nkuchikulitsa kuti chidzaze chikwangwani cha pamseu, ndipo m'mphepete mwake mukhalabe mwakuthwa ngati lumo. Ine amene ndavutika zaka zambiri kuuza ana kuti masamu ali ndi ntchito, ndinapeza umboni pamalo pamene sindinauyembekezere.

Luso limeneli silakale kwambiri. M'chaka cha 1963, kutatsala chaka chimodzi kuti Malaŵi alandire ufulu, wophunzira wina pa sukulu ya MIT ku America, Ivan Sutherland, anaonetsa pulogalamu yotchedwa Sketchpad, m'mene munthu ankalemba mizere pagalasi ndi cholembera cha kuŵala. Makina ake anali odzaza chipinda. Photoshop, imene dzina lake lafika ngakhale m'kamwa mwa anthu osaionapo, inatuluka m'chaka cha 1990, ndipo pofika 1995 kampani ya Pixar inatulutsa Toy Story, kanema woyamba wautali wopangidwa yense pa kompyuta. Lero ntchito yoposa ya Sutherland ichitika pa tebulo langa, pambali pa mulu wa makope a Sitandade 6.

Koma mapulogalamu nawo agulidwa. Kuyambira 2013 Photoshop yatsopano siigulidwa kamodzi nkukhala yanu. Munthu alipira mwezi ndi mwezi, ndiponso m'ndalama za kunja. Pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chilichonse cholipira m'madola unathaŵa munthu wa malipiro ngati anga. Anyamata ambiri amangokoperana mapulogalamu akuba. Ine sindiyenda njira imeneyo, osati chifukwa ndine woyera mtima kuposa iwo, koma chifukwa munthu amene afuna kuti ntchito ya manja ake idzalemekezedwe sangayambe ndi kuba ya mnzake. Mwamwai alipo mapulogalamu amene eni ake anapereka kwaulere kwa anthu onse: Inkscape uja, GIMP wa zithunzi za timadontho, ndi Blender. Mbiri ya Blender imandikondweretsa. Anaiyamba ndi munthu wa ku Netherlands, Ton Roosendaal, ndipo kampani yake itagwa, anthu okonda pulogalamuyo anachita msonkhamsonkha m'chaka cha 2002, napeza ndalama zokwana 100,000 euro m'masabata asanu ndi aŵiri okha, naiombola kuti ikhale ya aliyense.

Mu Blender munthu sajambula, aumba. Uyamba ndi kabokosi kopanda kanthu, nukakoka, nukapinda, nukadula, kufikira katasanduka nkhokwe. Kenaka uiveka udzu pamwamba, uuza kompyuta kuti khoma ili nla nsungwi zoluka, uika dzuŵa kumene ufuna, kaya la m'maŵa lotuluka kunyanja kaya la madzulo loloŵa kuseri kwa mapiri a Dedza. Ukatha zonsezi kompyuta iŵerengera yokha mmene kuŵala kugwera pa chinthu chilichonse ndi kumene mthunzi ugona. Tsiku limene ndinaumba bwato, ndi kuona mthunzi wake utagona pamchenga monga ugonera kunyanja dzuŵa likapendeka, ndinaitana amai a kunyumba kuti adzaone, ndipo anafunsa kuti chithunzicho ndinakajambula liti. Kuŵerengera kumeneku kudya nthaŵi. Laputopu yanga itenga mphindi zisanu pa chithunzi chimodzi chooneka bwino. Kanema afuna zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, ndiye kuti 1,440 pa mphindi imodzi, ndipo pa liŵiro la makina anga, mphindi imodzi ya kanema ingatenge masiku asanu, usana ndi usiku. Izi nzosatheka m'nyumba yopanda nthambo za magetsi. Ku Golomoti kuli munda waukulu wa magetsi a dzuŵa, wa mamegawati 20, umene unayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022, ndipo magetsi ake aloŵa m'nthambo za dziko lonse. Ife pakhomo tidalira kasola kamodzi pa denga ndi batire ya galimoto. Mu Okutobala, kutentha kwa chigwa kukafika pachimake, ndimaika laputopu pa njerwa ziŵiri kuti mphepo ipite pansi, apo ai imazima yokha ngati munthu wokomoka.

Ndalama zinadza ndisanaziitane. Mkulu wina wa mpingo atamwalira, a kubanja anandipempha kuti ndikonze pepala la mwambo wa maliro, ndipo sindinalandire kanthu, pakuti pa maliro sitiŵerengerana. Koma anthu anaona pepalalo, nafunsa kuti wakonza ndani. Anatsatira a makadi a ukwati, a kwaya ofuna nsalu yolembedwa dzina lao, mwini chigayo wofuna chikwangwani, timu ya mpira yofuna chizindikiro pa malaya. Ena alipira pa foni, ena ndi nkhuku, wina ndi ndowa ya mpunga wosapuntha.

Ntchito imene inasintha maganizo anga inali ya mpunga womwewo. Inu mudziŵa kuti sikimu ya ulimi wothirira ya Bwanje, ya mahekitala 800, inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo madzi ake achokera mu mtsinje wa Namikokwe. Mudziŵanso mmene mpunga wathu uchokera kuno: mavenda adza ndi galimoto nthaŵi yokolola, pamene mlimi ali ndi ngongole ya feteleza ndi ya aganyu, nagula ndi ndowa pa mtengo umene anena okha. Mpunga womwewo mukaupeza m'sitolo ku Lilongwe, uli m'thumba la pulasitiki lolembedwa bwino, simungauzindikire, ndipo mtengo wake sumufuna mlimi. Amai ena a gulu lina la alimi, amene anagwirizana kuti azipuntha ndi kulongedza okha Kilombero wao, anabwera kunyumba Loŵeruka lina. Wapampando wao anati, "Aphunzitsi, mpunga tili nawo, fungo lake likwana mudzi wonse, koma thumba lathu likaima pambali pa la anzathu lioneka ngati mwana wamasiye. Tivekereni."

Ndinagwira ntchito imeneyo masabata atatu. Ndinapita kumunda kukayang'ana mmene ngala ya mpunga iŵeramira ikakhwima, pakuti zithunzi za ngala zimene zili pa intaneti nza mpunga wa maiko ena. Kumbuyo ndinaika mlambe ndi mzere wa mapiri monga tiuonera tikaima pa Mtakataka. Amai aja anakangana nane pa mtundu wa zilembo, ndipo anapambana ndi iwo: anati wogula ayenera kuŵerenga dzina ali pakhomo pa sitolo, osati atanyamula thumba. Panalinso nkhani ya mitundu, imene ivuta aliyense wogwira ntchitoyi. Galasi la kompyuta lipanga mitundu yonse ndi kuŵala kwa mitundu itatu, kofiira, kobiriŵira ndi kwa buluu, pamene makina osindikizira asakaniza inki zinai pa pepala, ndipo pepala siliŵala lokha. Chotero msipu woŵala umene kasitomala waukonda pagalasi utuluka wozilala pa pepala, ndipo wojambula wanzeru ayamba wasindikiza kapepala kamodzi koyesera asanalamule zikwi ziŵiri. Ndinakwera minibasi kaŵiri kupita ku Lilongwe chifukwa cha kapepala kameneko. Pamene ndinaona matumba aja atandandalikidwa pa shelefu ya sitolo ina ku Dedza, ndinaima pamenepo nthaŵi yaitali, mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndifuna angati.

Munthu amene anasindikiza mapepala aja ali ndi kampani yaing'ono ya antchito asanu. Ataona ntchito yanga anayamba kunditumizira zina, ndipo tsopano wanena poyera kuti afuna ndikakhale naye. Malipiro amene watchula aposa anga pang'ono. Nyumba palibe, ndipo lendi ya ku Lilongwe muidziŵa. Apa ndi pamene nkhani inaleka kukhala ya maseŵera a madzulo.

Mphunzitsi saganiza popanda kope, choncho chaka chonse cha 2025 ndinalemba tambala iliyonse imene kujambula kunandipatsa. M'miyezi itatu, Julayi, Ogasiti ndi Seputembala, ndinapeza zoposa malipiro anga a boma. Imeneyo ndiyo nyengo ya maukwati, anthu atagulitsa mbeu, ndipo kunalinso chisankho cha pa 16 Seputembala, pamene aliyense wofuna ukhansala anafuna nkhope yake pa mtengo uliwonse wa pamseu. Aŵiri a iwo, atalephera chisankho, analeka kuyankha foni, ndipo ndalama zao zikali m'kope. Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zili mbee, ndinakonza mapepala a maliro okha. Ndikaphatikiza chaka chonse, kujambula kunandipatsa pafupifupi theka la malipiro anga, komanso chisankho chidza kamodzi pa zaka zisanu. Wina anganene kuti theka lopezeka usiku wokha likhoza kusanduka zonse munthu akapereka usana womwe. Wina anganene kuti ku Bwanje kulibe maukwati okwanira kudyetsa banja la anthu asanu ndi mmodzi. Onse aŵiri anena zoona, ndipo kopelo silinathe kundiŵeruzira.

Amai a kunyumba sananditsutse monga ndinkayembekezera. Iwo asunga buku la banki mkhonde ya m'mudzi, ndipo aŵerenga ndalama mofulumira kuposa ine. Anati, "Bambo a ana, ine ndaona mmene nkhope yanu ikhalira mukakhala pa tebulo apo, ndipo ndaonanso mmene ikhalira Lolemba m'maŵa. Sindingakukanizeni. Koma fizi ya mwana siidikira kasitomala, ndipo mankhwala a amai sagulidwa ndi chithunzi. Mukafuna kusiya, muyambe mwandionetsa fizi ya chaka chathunthu ili phee, ndi nyumba yoti tikaloŵemo tikatuluka muno." Sanaonjezere mau ena, napitiriza kupeta mpunga.

Amalume ndiwo anapsa mtima. Iwo ndi amene anandiphunzitsa bambo atamwalira. Anagulitsa thonje la zaka zinai ndi ng'ombe imodzi kuti ine ndifike ku koleji. Atamva mphekesera anapalasa njinga kuchokera ku Golomoti, dzuŵa lili pamutu, ndi ukalamba wao wonse. Anati, "Mphwanga, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ine ndinagulitsa ng'ombe kuti m'banja mwathu mukhale mphunzitsi. Kodi pa maliro anga adzati chiyani, kuti uyu ndi mphwake wojambula makatuni?" Sindinaŵayankhe, pakuti amalume satsutsidwa ali ndi thukuta la ulendo. Aphunzitsi anzanga achikulire nawonso amandiuza kuti ndipirire kufikira nditakwanitsa zaka 20, kuti ndidzapume bwino ndi penshoni yanga. Zaka zinai nzochepa kwa munthu woŵerenga pa kalendala, koma pa ntchito iyi zida zisintha chaka ndi chaka, ndipo malo amene andisungira ku Lilongwe sadzadikira.

Ndinapita ku Mua kukacheza ndi mmisiri wina wachikulire amene wakhala akusema kuyambira ine ndisanayambe sukulu. Ndinaŵapeza akusalaza nkhope ya mai wobereka mwana. Anamvetsera nkhani yanga yonse osaleka ntchito, kenaka anati, "Aphunzitsi, mtengo sudziŵa kuti mwana wadwala. M'chaka cha 2020, matenda aja atatseka maulendo, alendo analeka kubwera, ndipo zosema zinangokhala pa alumali kumatiyang'ana. Amene tinapulumuka ndife amene tinali ndi kamunda ka mpunga." Ndinayesa kuti atha, ndipo ali mbali ya amalume. Koma anapukuta fumbi pa chosemacho napitiriza: "Komanso dziŵani kuti dzanja losema Loŵeruka lokha silikula. Ine ndinafika apa chifukwa ndinadula zala zanga tsiku ndi tsiku. Mapanga aŵiri avumbwitsa." Ndinabwerera kunyumba ndi katundu wolemera kuposa amene ndinapita naye.

Ndikayang'ana kunja kwa chigwa chino ndimaona zolimbitsa mtima. Mu Malichi 2025 kanema wotchedwa Flow, wa Gints Zilbalodis wa ku Latvia, dziko la anthu osakwana 2 miliyoni, analandira mphotho ya Oscar. Ndi nkhani ya mphaka wothaŵa madzi osefukira, yopanda liu lililonse la munthu, ndipo anaipanga ndi Blender yomwe ili mu laputopu yanga. Kufupi kuno, Malenga Mulendema wa ku Zambia analenga nkhani ya atsikana anai a mu Lusaka, Supa Team 4, imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix m'chaka cha 2023, mothandizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Sindidzinamiza kuti ine wa zaka zoposa 40 ndidzafika kumeneko. Koma nkhani zathu za kalulu ndi fisi, za napolo, za asodzi a kunyanja, zikudikira munthu wozijambula, ndipo akapanda kutero mwana wa kuno, adzatero mlendo amene sadziŵa kusiyana kwa nkhokwe ndi khola la nkhunda.

Pali chinanso chimene chimandisoŵetsa tulo. Kuyambira 2022 afala mapulogalamu amene munthu angolemba mau, chithunzi nkutuluka chokha m'kanthaŵi kochepa. Tsopano ali m'mafoni a ana a sukulu. Makadi a tsiku lobadwa, amene kale ankandipatsa ya sopo, anthu apanga okha, ndipo sindiŵadandaula. Ndinayesa kulamula pulogalamu yotere kuti indijambulire mudzi wa ku Bwanje nthaŵi yokolola. Inandipatsa chithunzi chokongola ndithu, cha mudzi umene kulibe: amai ovala nsalu za ku West Africa, mitengo ya ku Kenya, ndi mpunga womera pa phiri. Lero nditha kuseka, koma makina aŵa aphunzira msanga kuposa mwana aliyense amene ndamphunzitsapo. Maganizo anga ndi akuti ntchito yotsika mtengo, ya kukongoletsa chabe, idzatha. Idzatsala ndi ya munthu amene akhala pansi ndi amai a mpunga, namva chimene afuna, nadziŵa kuti thumba lidzasindikizidwa pa makina ati ndipo lidzaima pa shelefu iti. Kaya ntchito yotsalayo idzakwanira anthu angati, ndi funso limene aliyense wofuna kusiya ntchito yake ayenera kuliŵerengera pamodzi ndi lendi.

Za ana a sukulu sindifuna kunena zambiri, chifukwa zimandiŵaŵa. M'kalasi mwanga muli ana oposa 90. Ndikachoka, sindidziŵa kuti woloŵa m'malo adzafika liti. Masiku ena ndimatuluka m'kalasi mau atatha, ndili wotsimikiza kuti zakwana. Tsiku lotsatira kamtsikana kamene kanali kosatha kugaŵa kabwera ndi samu yokhoza, ndipo kutsimikiza kuja kusungunuka.

Kwa inu makolo ndili ndi pempho limodzi. Pafupifupi m'kalasi iliyonse muli mwana amene kumapeto kwa kope lake kwadzaza magalimoto, nkhope ndi mbalame. Ambiri a ana otere alandira mkwapulo chifukwa choononga kope, ndipo ndi zoona kuti kope ligulidwa ndi ndalama. Koma musanamkwapule, yang'anani chimene wajambula. Ngati matayala a galimotoyo ali m'malo mwake, ngati nkhopeyo mwaizindikira kuti ndi ya agogo ake, mpatseni makatoni akale ndi makala, ndipo mumuuze kuti masamu ndi Chingerezi asazitaye, pakuti mapulogalamu onseŵa alankhula Chingerezi ndipo ayenda ndi masamu. M'sukulu zathu za pulaimale muli phunziro la Expressive Arts, limene kaŵirikaŵiri lisanduka nthaŵi yosesa pabwalo; funsani pa msonkhano wa makolo kuti ana aphunziramo chiyani. Inu anyamata ndi atsikana amene muli ndi foni, dziŵani kuti kusankha chithunzi chopangidwa kale ndi kusinthapo dzina si luso. Jambulani ndi pensulo tsiku lililonse, dzanja la amai anu, mtondo, njinga ya kabaza, pakuti kompyuta ifulumizitsa dzanja lodziŵa kale, ndipo ifulumizitsanso zolakwa za dzanja losadziŵa.

Kalata yosiya ntchito sindinalembe. Ndinamuimbira foni mkulu wa ku Lilongwe uja, nkumupempha kuti andilole ndikagwire naye ntchito pa tchuthi chachikulu, masabata anai, kuti iye aone liŵiro langa pamene kasitomala waima kumbuyo kwanga, inenso ndione mabuku a maoda ake ndi mtengo weniweni wa chipinda ku Area 25 kapena ku Kawale. Wavomera, koma wati sangalonjeze kuti malowo adzakhalapobe pambuyo pake. Amai a kunyumba atsegula tsamba latsopano m'buku lao, nalemba pamwamba pake fizi ya chaka chathunthu, ndipo pakali pano tafika pa gawo limodzi la magawo atatu. Amai a mpunga aja atumiza uthenga kuti afuna thumba lina la makilogalamu asanu lisanafike dzinja. Amalume amva za ulendo wa ku Lilongwe, ndipo ati abwera Loŵeruka kuti adzamve bwino.